Nyimbo Yanga Ikudikira Maliro

Lamulungu, 16 Novembala 1997

Nyengo yoyimba yatsegulidwa lero masana ku bala ya Nkhosa. Anthu anadzaza moti ukafuna kukanda mwendo umakanda wa mnzako. Mazenera thukuta chuchuchu, utsi wa fodya ngati tikuwamba nsomba, mowa ukuyenda pamitu kuchoka dzanja ili kupita dzanja ilo, wofika kwa mwini wake ndi theka basi. Maureen pa limba lake lakale lija, lopuma ngati ng'ombe ya chifuwa. Nyimbo za Khirisimasi zathuzathu za muno mu Brackenroyd, zosapezeka pa wailesi kapena m'buku la kutchalitchi.

Kenaka inafika yanga, Mwala Wonolera. Zaka zoposa makumi anayi ndikuyimba ndime zake ndekha, gulu n'kumandilandira pobwereza. Ndinayimirira, chikho m'manja, chifuwa patsogolo ngati tambala. Poyambira bwinobwino. Koma pamene nyimbo imakwera, pa mawu oti "kumwamba" paja, pakhosi panatuluka kanthu kena. Si mawu a munthu amenewo. Chitseko cha khola chimalira bwino kuposa pamenepo.

Ndinachita changu. Ndinatembenuka n'kukalipira bambo wina wa m'tauni kuti wandiponda chala. Anapepesa mpaka kundigulira mowa, chonsecho anali patali.

Onse anapusitsika kupatula Cedric Birkinshaw. Ameneyu tanola naye mipeni pa shedi imodzi chichokere kusukulu, amandidziwa mpaka fungo la masokosi. Akuti, "Iwe Wilf, kumwamba sukafikako. Ngakhale nyimbo yayamba kukuuza." Ine ndati kumene ndikupitako ukandisungire malo pafupi ndi moto, poti ukafika ndiwe woyamba.

Lamulo la kuno silinalembedwe koma ngakhale galu wa pa bala amalidziwa: nyimbo ili ndi mwini wake, ndipo mwini wake akali moyo wina saikhudza. Cedric wakhala akudikira maliro anga theka la moyo wake. Amafunsa za thanzi langa ndi nkhope ya chiyembekezo.

Lolemba, 17 Novembala

Ndakayesa kuyimba m'kanyumba ka malasha. Chimodzimodzi. Galu wa oyandikana nafe wandiyankha, ndipo iye wafikapo.

Beryl, mkazi wanga, wangosuzumira n'kuti, "Madala, ngati mukupha mphaka mupherenitu kutali, ndachapa zovala."

Lachitatu, 19 Novembala

Dzira laliwisi m'mawa. Uchi masana. Wisiki pang'ono madzulo, wa mankhwala. Dzira ndi uchi sizikuthandiza, ndiye ndazisiya.

Lachinayi, 20 Novembala

Kwabwera abusa. Abusa Hilary Oldroyd, mayi wamtali wa nsapato zazikulu kuposa zanga, amene anatitumizira zaka zitatu zapitazo. Lamulungu lililonse akatseka tchalitchi amabwera ku Nkhosa, n'kuyima pafupi ndi chitseko ndi katambula ka mowa wakuda, kolala ili m'khosi. Lero amafuna kuti anthu a ku bala tikayimbe m'tchalitchi pa Khirisimasi.

Ndawakhazika pansi n'kuwapatsa mbiri yonse, afune asafune. Kale nyimbo izi zinali za m'tchalitchi momwemo. Onola mipeni, osula misomali ndi oweta nkhosa ankakwera pakhonde la m'mwamba kumbuyo kwa tchalitchi ndi zitoliro ndi mavayolini awo, n'kumayimba nyimbo zopeka okha. Agogo awo a bambo anga, Enoch Ollerenshaw, anapeka Mwala Wonolera ali pa ntchito, n'chifukwa chake imazungulira ngati gudumu. Kenaka kunabwera mbusa wophunzira wa ku London. Akuti nyimbozi n'zaphokoso, zobwerezabwereza, ndipo oyimba ake akununkha mowa. Anagula limba, anagula mabuku, anaveka tiana mikanjo yoyera, khonde lija n'kuligwetsa. Makolo athu anangonyamula zitoliro, kuwoloka msewu, kulowa m'bala. Mpaka lero.

Ndati, "Ndiye Abusa, munatithamangitsa ndinu. Lero mipando yanu ikulira njala, mwatikumbuka?"

Aseka mpaka tiyi kutayikira. Akuti, "Bambo Ollerenshaw, ine ndinali ndisanabadwe." Ndati kwa ife mbusa ndi mmodzi yemweyo, amangosintha nsapato. Akuti Lamulungu lapitali m'tchalitchi munali anthu osadzaza n'galimoto yomwe, ndipo mmodzi anangobwera kudzawerenga mita ya magetsi. Bodza limenelo, koma ndi labwino, ndalisunga.

Adya keke ya jinja ya Beryl magawo awiri. Yankho langa: ayi. Potuluka akuti, "Chala chija chapola?" Maso ali psuu pa ine. Mbusa ameneyu sindimukonda makutu ake.

Loweruka, 22 Novembala

Ndapita kwa Maureen ndi kabichi wamkulu wa m'dimba mwanga. Ndamupempha kuti mawa atsitse nyimbo yanga pang'ono, pang'ono chabe, palibe adzadziwe. Wayang'ana kabichi, wayang'ana ine. Akuti, "Amalume Wilf, m'kabichimu mwaikamo chiyani?" Sanaiwalebe za nsomba yowamba imene ndinabisa m'limba lake chaka china. Anthu a kuno sakhululuka, ndipo nsombayo inali yaing'ono.

Wavomera atang'amba kabichi pakati.

Lamulungu, 23 Novembala

Maureen watsitsa. Ine "kumwamba" ndafikako bwinobwino, ngati mnyamata. Chimene sindinaganize ndi amuna a mawu a pansi. Pobwereza paja iwo amatsika kale mpaka pansi pa chitsime, ndiye lero chitsime chinakumbidwanso. Amuna akuluakulu zibwano pachifuwa, maso tong'o, kukutuluka mpweya wokhawokha ngati matayala akuphwa. Wina anayamba kutsokomola, wina anatulutsa mano ake oikirira. Azimayi anapitiriza okha kenaka nawo anagwa n'kuseka. Nyimbo inafera panjira.

Mkulu wina anakuwa kuti limba lawonongeka. Maureen anandiyang'ana ndi diso loti kabichi wako ukamutenge. Potuluka wandinong'oneza kuti, "Sindidzachitanso. Nyimbo si thalauza yoti tizipinda malinga ndi miyendo yanu."

Lachitatu, 26 Novembala

Kwa dokotala. Waunika pakhosi ndi katochi, wandiuza kuti ndinene aaa. Palibe chotupa, palibe matenda. Ndati nanga chavuta n'chiyani? Akuti zaka. Ndati zichotseni. Sanaseke. Madokotala a masiku ano amabadwa atakalamba.

Lamulungu, 30 Novembala

Ndadwala chimfine chabodza. Mpango m'khosi, mapazi m'beseni. Beryl wapita yekha.

Chovuta n'chakuti nyumba yathu ili pafupi. Ndikatsegula zenera la kukhitchini zonse zimamveka. Ndinamva akutsiriza nyimbo imene imabwera yanga isanafike. Kenaka zii. Kenaka anayamba ina.

Basi. Anangoidumpha ngati chithaphwi.

Beryl pobwera akuti anthu ambiri afunsa. Ndati afunsa za ine kapena za nyimbo? Akuti za nyimbo, inu akukudziwani kuti simufa.

Ndakhala ndikuganiza za malemu Herbert Sanderson. Anali ndi nyimbo yake, yokoma, ya oweta nkhosa akuthamanga mumdima. Atamwalira anachita mwambo wake: chikho chake chachitsulo chomwera mowa anachitsitsa pa mbedza wake ku bala, mkazi wake n'kuchivundikira pa limba, woyimba limba n'kuyamba poyambira. Amene wayimirira n'kuyamba kuyimba, nyimbo ndi yake. Tsikulo aliyense ankadikira mnzake. Palibe anayimirira. Mayi Sanderson anatenga chikho n'kupita nacho kunyumba, ndipo chikho chikatuluka pakhomo nyimbo yatuluka nacho. Ndayesa kuikumbuka lero. Ndatsala ndi mzere umodzi, nawonso ndikuukayikira.

Lachiwiri, 2 Disembala

Ndakamupeza Cedric kukhola la nkhunda zake. Ndinavala nkhope ya kumaliro, chipewa m'manja. Ndati, "Cedric mnzanga, tenga Mwala. Ndakupatsa."

Sanatembenuke n'komwe. Akuti, "Chaka chatha unanenanso choncho."

Zoona, ndinanena. Chaka chatha ndinamuuza kuti ndatopa, nyimbo atenge. Anameta, anavala tayi ya ukwati wake, anayimirira pamaso pa anthu onse, anakoka mpweya, kukamwa yasa, ine n'kuyamba kumbuyo kwake. Bala yonse inagona pansi ndi kuseka. Mpaka lero ndikakumbukira kukamwa kuja tulo timabwera bwino.

Ndati ulendo uno ndikunena zoona. Akuti, "Ngakhale nkhunda izi zikukuseka. Tseka chitseko, ukundilowetsera mphepo."

Lamulungu, 7 Disembala

Ndinaganiza zonena poyera. Itakwana nthawi yanga ndinakweza dzanja kuti Maureen adikire. Ndati, "Abale anga, mawu andithera. Nyimbo iyi sindingathenso. Amene akuifuna aitenge lero ndikuona."

Kuseka kwake! Wina akuti, "Wayambanso!" Wina, "Cedric, usayerekeze!" Wina wandiponyera chipewa. Ndati ndikunena zoona, kuseka n'kuwonjezeka. Ndinalumbira pa manda a amayi anga, mayi wina akuti chaka chatha munalumbira pa a bambo anu. Maureen akupukuta misozi n'kuyamba kuliza. Anthu duu, kundidikira. Ndikanatani? Ndinayimba.

Pa "kumwamba" mawu anathyoka kuposa tsiku loyamba lija. Anathyoka pakati, n'kulira ngati kamwana ka nkhumba.

Anawomba m'manja. Anaganiza kuti ndachitira dala. Bambo wa m'tauni uja anandisisita pamsana akuti sanasekepo chonchi chaka chino. Mowa unabwera wambiri, waulere. Ndinamwa umodzi basi.

Amene sanaseke ndinawaona atatu: Beryl, Cedric, ndi abusa pachitseko paja.

Lolemba, 8 Disembala

Sindinatuluke. Beryl waphika nyama ya nkhosa ndi mbatata ngati ndi Lamulungu.

Lachinayi, 11 Disembala

Cedric wabwera. Chibadwire sanalowepo m'nyumba muno popanda kudandaula za masitepe. Lero wangokhala pansi, chipewa pabondo.

Akuti, "Ndakuona Lamulungu. Makutu ako anafiira. Ukamanama safiira."

Ndati ndiye tenga, nkhalamba iwe, ukufuna ndikugwadire?

Anayang'ana kukhitchini ngati Beryl akumva, n'kutsitsa mawu. Akuti chimuchitire opaleshoni ya chifuwa, sayimba. Amangotsegula pakamwa. Nyengo ziwiri zathunthu wakhala akuyima pakati pa amuna a mawu a pansi, kugwedeza mutu, kutukula nsidze, mawu osatuluka ngakhale amodzi. Palibe wadziwa.

Ndati, "Iwe, chaka chatha chija unavala tayi?" Akuti anadziwa kuti ndimulanda, n'chifukwa chake anayimirira. Ndikanapanda kuyamba, akanakomoka.

Ndiye kuti nthabwala yanga yabwino kuposa zonse anandichita ndi iyeyo. Ndaseka mpaka kutsamwa, iyenso, Beryl n'kubwera ndi madzi. Akuti, "Nkhalamba ziwiri, pakhosi pamodzi palibe."

Titapuma tinayamba kuwerenga anthu. Mwana wanga ali ku Australia ndipo amayimba ngati akuitana ng'ombe. Wogulitsa nyama mawu ali nawo koma mantha, amabisala kumbuyo kwa mkazi wake. Mphunzitsi wina wopuma pa ntchito angaitenge, koma angaikonze. Cedric akuti vuto si kusowa munthu. Oidziwa alipo ambiri, akhala akuimva chibadwire. Koma palibe angayimirire ine ndili moyo, makamaka ine, poti aliyense adzaganiza kuti ndi msampha. Akuti, "Nyimbo ya kuno imasuntha ndi maliro basi."

Ndati ndiye ndifa.

Akuti liti? Nkhope ya chiyembekezo ija inabweranso.

Loweruka, 13 Disembala

Ndapempha mwini bala kuti mawa atsitse chikho changa ngati ndamwalira, wakana. Akuti chikho cha munthu wamoyo sachitsitsa, ndi tsoka, komanso ine ndikamwalira zenizeni sabata yamawa anthu adzati wandipha ndi iye. Ndati ndikulembera kalata yokukhululukira. Akuti kalata yochokera kwa inu ndingaitsegule ndi ndodo.

Ndafika kunyumba nditagwa mphwayi. Beryl wamvetsera akusita. Kenaka akuti chikho sachitsitsa mwini bala, amachitsitsa mkazi wamasiye, ndipo mkazi wamasiye sapempha chilolezo kwa munthu. Wakwera pampando, watsitsa bokosi la chipewa chake chakuda cha kumaliro, n'kuyamba kuchipukuta fumbi. Mofulumira kwambiri, ndaona ine. Ngati munthu amene anakonzeka kale.

Koma wandipatsa mawu. Akuti, "Mvetsetsani madala. Ine sindichita nawo masewera. Ndikavundikira chikho chija, mwafa. Simuyimba, simutsokomola, simutsinzinira munthu diso. Wina akayimirira, ndi yake, kaya mukumukonda kaya ayi. Akapanda kuyimirira, chikho ndibwera nacho kuno ndipo sichibwereranso. Mwamva?"

Ndati bwanji tikaona kuti palibe akuyimirira, ndingodzuka n'kunena kuti zinali nthabwala?

Akuti mukatero mukagona kwa nkhunda za Cedric mpaka Pasaka.

Ndavomera. Nyimbo ya Enoch yadutsa m'makosi anayi a banja lathu, yapirira mbusa wa ku London ndi nkhondo ziwiri za dziko lonse. Mawa ikhoza kuthera m'kabati ya Beryl pafupi ndi mbale za alendo.

Lamulungu, 14 Disembala

Ndamwalira lero masana. Zayenda chonchi.

Ndinavala suti yakuda, poti munthu sapita ku maliro ake atavala juzi. Ndinakhala pakona pafupi ndi moto, Cedric pambali panga. Nyimbo zinayenda, ine pakamwa tsekee. Itakwana nthawi ya Mwala, mitu yonse inatembenukira kwa ine, ena atayamba kale kumwetulira.

Beryl anadzuka. Chipewa chakuda, magolovesi akuda. Anthu anamupatukira okha. Anafika pa kauntala, anatambasula dzanja, sanafikire mbedza, mwini bala n'kumuthandiza asanakumbuke kuti anakana. Anayenda nacho chikho changa mpaka pa limba n'kuchivundikira. Gu.

Ena anayamba kuseka. Wina akuti, "Koma Wilf!" Beryl anatembenuka n'kuwayang'ana mmodzimmodzi, mmene amayang'anira nsomba pamsika. Beryl chibadwire sanachitepo nthabwala, mudzi wonse ukudziwa. Kuseka kunazima kokha.

Akuti, "Mwamuna wanga mawu ake apita. Thupi ndi ilo lili apolo, likudyabe. Maureen, yamba."

Maureen anandiyang'ana. Ine maso pansi. Analiza poyambira, n'kugwira liwu lomaliza, kudikira.

Zii.

Wogulitsa nyama akuyang'ana m'tambula yake ngati mwagwera ndalama. Mphunzitsi akupukuta magalasi. Ena akundiyang'anabe pakamwa, kudikira kuti ndilumphe. Pakhosi panga nyimbo ikukankha, miyendo ikufuna kudzuka yokha. Cedric anandigwira jekete kumbuyo.

Maureen analizanso. Limba likupuma, nkhuni zikuthetheka, panja galimoto inadutsa. Palibe. Ndinaona dzanja la Beryl, la golovesi lija, likupita pa chikho. Zala zinafika mpaka pa chogwirira.

Mawu anachokera kuchitseko.

Poyamba sindinadziwe kuti ndani, poti anthu ananditchinga. Mawu a mzimayi, aakulu, osathamanga. Anthu anapatuka. Abusa Hilary, katambula ka mowa wakuda m'manja, kolala m'khosi, nkhope yofiira ngati aba nkhuku.

Cedric m'khutu mwanga: "Mbusa! Iwe Wilf, mbusa! Enoch akutembenuka m'manda!" Ndati msiye atembenuke, wagonera mbali imodzi nthawi yaitali.

Mawu onse anali nawo, osaphonya. Nyengo zitatu pachitseko paja sankangomwa. Pofika pokwera ndinatseka maso, zikhadabo m'mabondo. Anakwera ngati munthu wokwera masitepe a m'nyumba mwake, anafika, anakhalapo pang'ono, n'kutsika. Gulu linalandira. Matambula pa mashelefu anachita kulira.

Ine nyimbo iyi ndinali ndisanaimvepo. Zaka zonsezi pobwereza ndimakhala ndikupuma, kukonzekera ndime yotsatira, kuwerenga mpweya. Sindimadziwa kuti azimayi amayamba, amuna n'kuwathamangira pambuyo, n'kukakumana onse pamapeto ngati anthu otuluka m'tinjira tosiyana. Enoch anali ndi mutu. Ndinapezeka ndikung'ung'udza nawo pansipansi, pamene mawu anga akadalipo. Cedric pambali panga kukamwa yasa, nsidze m'mwamba, osatulutsa kanthu, misozi mpaka m'kolala. Ndati iwe Cedric, wayimba bwino. Akuti ndikudziwa.

Beryl anabwera kudzakhala mbali inayi, chipewa chitapendekeka.

Ndime yachiwiri abusa anaikoka. Anaichedwetsa, ngati ali pa guwa. Mwala suyenda choncho, ndi gudumu lonolera limenelo, likachedwa mpeni sukuthwa. Komanso anapumira pakati pa mzere, pamalo pamene Ollerenshaw aliyense sanapumirepo. Ndinapirira mzere umodzi. Wachiwiri ndinayamba kumenya phazi pansi kuti amve liwiro lake. Wachitatu ndinapezeka ndadzuka theka, chala chili m'mwamba.

Beryl anandikoka lamba, maso ake ali kwa abusa.

"Khalani pansi. Mwafa inu."

Ndinakhala.